Tauni imene khanda limalandira mpira lisanatuluke m'chikuta

Kwa zaka zambiri mu tauni ya Massillon, m'chigawo cha Ohio ku America, mwana wamwamuna akabadwa kuchipatala, munthu wa m'gulu la masapota a timu ya sukulu ankabwera ndi kampira n'kukaika m'kabedi ka khandalo. Mchombo usanagwe, tauni yamupezera kale chochita. Massillon ili ndi anthu pafupifupi 32,000 basi, ndipo sekondale yake yaboma ndi Washington High School. Timu ya sukuluyi imatchedwa Tigers, dzina la chilombo chamizeremizere chija chofanana ndi kambuku.

Mpira wake si wathu wa miyendowu. Ndi uja wooneka ngati dzira, umene munthu amaukumbatira n'kumathamanga nawo, anzake atavala zisoti akumuthamangitsa kuti amugwetse. Anyamata a pasukuluyi anayamba kuusewera m'ma 1890, ndipo mu 1894 anakumana koyamba ndi sukulu ya ku Canton, mzinda umene uli makilomita 13 chakum'mawa. Sukulu ya ku Canton ija ndiyo lero imatchedwa McKinley. Amakumanabe chaka ndi chaka, ndipo wopambana amatenga belu n'kukalisunga kwawo mpaka chaka chinacho.

Koma amene anasandutsa masewerawa kukhala mwambo wa tauni yonse ndi Paul Brown. Anakulira konko, anasewerapo m'timuyi, ndipo mu 1932 anabwerera kudzakhala kochi ali ndi zaka 24 zokha. Inali nthawi yaumphawi wadzaoneni ku America, mafakitale a zitsulo amene ankadyetsa mabanja a ku Massillon akupumira m'mwamba. Brown anali munthu wamalamulo. Anakonza zoti masukulu a ana ocheperapo m'taunimo aziphunzitsa kaseweredwe kofanana ndi ka timu yaikulu, kuti mnyamata pofika ku sekondale akhale atazidziwa kale. Mu 1934 anakhazikitsa gulu la masapota losonkha ndalama zothandizira timu, lomwe lija la timipira ta makanda. Ngakhale bandi ya sukulu anaiona ngati mbali ya masewero, poti anthu olipira pageti ayenera kusangalala ngakhale pa nthawi yopuma.

Zaka zitatu zoyamba McKinley inkamukwapula. Kuyambira 1935 zinthu zinatembenuka: Massillon inatchedwa akatswiri a Ohio zaka zisanu ndi chimodzi motsatizana. Pa zaka zake zisanu ndi zinayi, Brown anapambana masewero 80, kugonja 8, kufanana mphamvu 2. Timu ya mu 1940 inamwetsa mapointi 477 chaka chonse, adani onse pamodzi n'kupeza 6 okha. Bwalo lakale linachepa, ndipo mu 1939 anatsegula sitediyamu yatsopano yomangidwa pansi pa ndondomeko ya boma yopatsa ntchito anthu osowa pogwira. Lero imadziwika ndi dzina la Brown, ndipo mumalowa anthu oposa 16,000. Tangoganizani, theka la tauni kukhala pansi kuonera ana asukulu.

Brown atachoka anakaphunzitsa timu ya yunivesite ya Ohio State, kenako timu ya Cleveland Browns imene inatenga dzina lake, n'kudzayambitsanso timu ya Cincinnati Bengals. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti sanaiwale mnyamata wina wachikuda wa McKinley amene ankamusowetsa tulo, Marion Motley. Mu 1946 anamulemba ku Cleveland, pa nthawi imene matimu akuluakulu anali atatha zaka zoposa khumi akukana osewera achikuda.

Mwambo ukakula umabala zinthu zachilendo. Kuyambira 1970 sukuluyi inkabweretsa kamwana ka tiger kamoyo chaka chilichonse, dzina lake Obie, n'kumakaika m'khola pambali pa bwalo. Zimenezi zinatha Ohio itakhwimitsa malamulo osungira zilombo, pambuyo pa zimene zinachitika ku Zanesville, tauni ina ya ku Ohio, mu 2011, pomwe munthu wina anatsegulira zilombo zambirimbiri zimene ankaweta. Pakhalanso madandaulo akuti makolo ena amabwereza ana awo kalasi dala kuti adzafike ku sekondale ali zimphona, ndiponso akuti tauni imene mafakitale ake anatsekedwa siyenera kuika mtima wonse pa mpira mabuku akudikira. Madandaulowa ndimawamva, ndipo sindiwaona ngati nsanje chabe.

Koma mkangano umene unkawawa kwambiri anthu a ku Massillon ndi wa zikho. Sukuluyi imawerenga kuti inakhala akatswiri a Ohio ka 24 pofika 1970. Vuto n'lakuti masiku amenewo kunalibe mpikisano wachipulula: nyengo ikatha, ukatswiri unkaperekedwa mongogamula, ndipo kwa zaka zambiri ankavota ndi atolankhani. Chipulula chinayamba mu 1972, ndipo kuchokera pamenepo Massillon inangoti zii. Inafika mu fainolo mu 1980, 1982 ndi 2005, n'kubwerako chimanjamanja. Adani awo ankawaseka kuti ukatswiri wawo ndi wapapepala, ndipo zinkapweteka kwambiri poti McKinley yeniyeniyo inali itatengapo chikho cha chipulula. Kochi Nate Moore anawafikitsanso mu fainolo zaka zitatu zotsatizana, 2018, 2019 ndi 2020, ndipo katatu konse anagonja. Kawiri mwa katatuko anawagwetsa ndi Archbishop Hoban, sukulu ya Akatolika ya ku Akron.

Mu 2023 anakumananso ndi Hoban yomweyo. Mu mpira uwu si zachilendo timu kupeza mapointi 30 kapena 40, koma tsikulo panalibe wopatsa mnzake mpata. Massillon inadutsa mzere wa adani kamodzi kokha, Hoban inangopeza mapointi awiri, ndipo masewero anatha 7 kwa 2. Anamaliza nyengo atapambana masewero onse 16, patatha zaka 53 chitchulidwire akatswiri komaliza. Ndipo fainoloyo inaseweredwa ku Canton, pa bwalo lomwe McKinley imasewerera masewero ake apakhomo.