Kadzutsa wa dzira ndi buledi kwa wokondedwa amene sadya gluten

Pa ntchito yanga yolangiza anthu za kadyedwe, ndimakumana ndi amuna ndi akazi amene amafuna kukonzera okondedwa awo kadzutsa wapadera, koma amachita mantha chifukwa mnzawoyo ali ndi matenda a coeliac. Manthawo ndi omveka. Gluten ndi puloteni yopezeka mu tirigu, balere ndi rye (mbewu yofanana ndi tirigu), ndipo munthu wodwala matendawa akaidya, chitetezo cha m'thupi mwake chimayamba kuwononga khungu la mkati mwa matumbo aang'ono, mwakuti thupi limalephera kuyamwa bwino zakudya. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 aliwonse ali ndi vutoli.

Dzira lilibe gluten. Buledi woyenera amapangidwa ndi ufa wa mpunga, wa chimanga, wa mbatata kapena wa chinangwa, ndipo muyezo wa zakudya wa padziko lonse wotchedwa Codex Alimentarius umalola kuti chakudya chilembedwe kuti chilibe gluten pokhapokha ngati puloteniyi siposa mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Werengani zolembedwa pa pepala lake musanagule.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi m'khitchini momwe. Tosita imene mumawotchera buledi wa tirigu masiku onse imasunga zinyenyeswa pansi ndi m'mawaya ake, ndipo zinyenyeswa zochepa chabe zikhoza kumudwalitsa munthu wa coeliac. Chimodzimodzinso batala amene wina anapisamo mpeni wopakira buledi wamba, kapena thabwa lodulirapo limene munangolipukuta osalitsuka. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti tosita muisiye, mutenge chiwaya chotsuka bwino ndi sopo, mpeni woyera, ndi batala amene simunamutsegulepo.

Kaphikidwe kake ndi kosavuta, koma kamafuna dzanja lofatsa. Buledi wopanda gluten amanyenyeka msanga, poti gluten ndiye imagwirizanitsa ufa kuti ukhale wotanuka, choncho sankhani chidutswa chochindikala ndithu. Chigonekeni pa thabwa, mudule pakati pake kachibowo kooneka ngati mtima pang'onopang'ono ndi nsonga ya mpeni, ndipo kamtima mwachotsako musakataye. Sungunulani batala pa moto wochepa, muwotche mbali imodzi ya bulediyo pamodzi ndi kamtimako mpaka zifiirire, kenaka mutembenuze. Dziralo muyambe mwaliswera m'kapu, kuti chachikasu chake chisaphulike, ndiyeno mulithire mosamala m'chibowomo.

Apa m'pofunika kudekha. Choyera cha dzira chimayamba kulimba kutentha kukafika pa madigiri a Celsius pafupifupi 62, pamene chachikasu chimalimba pakati pa 65 ndi 70, ndiye moto ukachuluka buledi amapserera pansi pamwamba pakadali madzi. Vundikirani chiwayacho kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti nthunzi ipsetse pamwamba. Mukaona choyera chonse chaleka kunjenjemera mukagwedeza chiwaya, dziralo lapsa. Koma ngati wokondedwa wanu ali woyembekezera, dikirani mpaka chachikasunso chilimbe.

Wazani mchere pang'ono ndi tsabola, muike m'mbale yofunda, kamtima kaja mukatsamiritse pambali kuti akhale akuviika m'chachikasucho. Perekani nthawi yomweyo, chifukwa buledi wa mtundu uwu akazizira amauma msanga kuposa wa tirigu.