Bomba la ku Centennial Olympic Park mu 1996

Pa masewera a Olimpiki a 1996 ku Atlanta, m'dziko la America, munthu sankalowa m'bwalo lamasewera popanda tikiti komanso asanasechedwe. Koma Centennial Olympic Park, paki ya pakati pa mzinda yomwe anthu ankasonkhanamo usiku kumvera oyimba, inali yolowa ulele, zikwama osasecha. Mpata umenewu ndi womwe Eric Rudolph anapezerapo mwayi wotchera bomba m'pakimo.

Pakati pa usiku, kucha kwa pa 27 Julayi, mlonda Richard Jewell anaona chikwama chobiriwira chachisilikali pansi pa benchi, pafupi ndi nsanja ya zokuzira mawu. Anadziwitsa apolisi ndipo anayamba kusuntha anthu. Nthawi ili 12:58, wina anaimba 911, nambala yoimbira pakagwa zadzidzidzi, pa lamya ya pamsewu n'kunena kuti m'pakimo muli bomba, kwatsala mphindi 30. Uthengawo unatsakamira panjira: kompyuta ya 911 inkafuna adiresi, pomwe pakiyo, pokhala yatsopano, inali isanalembedwemo. Chenjezolo silinawapeze omwe anali m'paki. Bomba linaphulika cha m'ma 1:20, mphindi 30 zija zisanakwane n'komwe.

Mayi wina amene anali m'pakimo, Alice Hawthorne, anafa. Wojambula wa ku Turkey, Melih Uzunyol, anamwalira ndi vuto la mtima akuthamangira pamalopo. Ovulala anali 111. Masewera anapitirira.

Chochititsa manyazi chinadza pambuyo. Pa 30 Julayi nyuzipepala ya ku Atlanta inalemba kuti a FBI, apolisi ofufuza milandu a boma la America, akumukayikira Jewell yemweyo. Umboni panalibe, ankangoti amafanana ndi munthu wofuna kutchuka ngati ngwazi. Atolankhani anamanga misasa pakhomo pa mayi ake, apolisi anasecha m'nyumba. Jewell anamuyeretsa pa 26 Okutobala, patatha masiku 88.

Mwini mlandu, Rudolph, anali akadali kunja. Mu 1997 anaphulitsanso mabomba pa chipatala chochotsera mimba ku Sandy Springs ndi pa malo achisangalalo a Otherside Lounge. Mu Januwale 1998 ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama, anapha ndi bomba wapolisi Robert Sanderson, koma apo mboni inalemba nambala ya galimoto ya Rudolph. Anabisala m'mapiri a North Carolina zaka zisanu, mpaka wapolisi wongoyamba kumene ntchito anamugwira kuseri kwa sitolo ku Murphy pa 31 Meyi 2003. Mu 2005 anavomera milanduyi, nati ankafuna kuchititsa boma manyazi chifukwa chololeza kuchotsa mimba. Akugwira ukaidi wa moyo wonse ku ndende ya ADX Florence, ku Colorado.