Mwana wanga akufuna kukawedza: laisensi afunika?

Bambo wina wa ku Chilomoni anandifunsa funso limeneli atagulira mnyamata wake wa zaka 10 mbedza ndi chingwe. Ife a za usodzi timalimva kawirikawiri sukulu zikatsekera.

Lamulo loteteza ndi kusamalira nsomba la 1997 limayang'ana kwambiri zida, malo ndi nyengo. Mwini ukonde monga chilimira, matchera kapena khoka amadula laisensi ya chida chakecho ku Dipatimenti ya Usodzi chaka ndi chaka. Mwana wa kambedza kamodzi pa nsungwi, nyongolotsi zili m'kachitini, si amene timalimbana naye. Komabe madzi ambiri ali ndi eni ake. Damu la Mudi ndi la Blantyre Water Board, madzi ake timamwa, ndiye musamulole apite kumeneko osapempha.

Zaka zimalowa pamene usodzi wasanduka ganyu. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana zaka 18 sayenera kugwira ntchito yoika moyo wake pachiswe. Kukwera bwato usiku kukakoka ukonde panyanja ndi ntchito yotero. Makolo a muno mu Blantyre, mukamatumiza mwana kwa agogo ku Mangochi patchuthi, funsani kuti usiku akugona kuti. Ndaonapo anyamata akubwera m'bandakucha atanyowa, akunjenjemera, m'manja muli mabala a chingwe, malipiro ake kambale ka usipa. Ena sabwereranso m'kalasi.

Chimene ndimapempha kwambiri n'chakuti mwana aphunzire kubweza nsomba yaing'ono. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, choncho mukachigwira nthawi yoswana mwapha banja lonse. N'chifukwa chake makoka amaletsedwa kwa kanthawi chaka chilichonse pa Nyanja ya Malawi kuyambira pa 1 Novembala, ndipo chambo chosakwana masentimita 15, chija timati kasawala, sichiloledwa kugwidwa. Dulani kamtengo ka muyeso umenewo mumupatse aziyenda nako. Neti yoteteza ku udzudzu ikhale pabedi. M'madzi imakokolola ndi mazira omwe, ndipo n'koletsedwa.

Bambo uja ndinamuuzanso kuti iye mwini azipita naye mwanayo. Ku Shire, cha ku Chikwawa, kuli ng'ona, ndipo madzi odikha a m'madamu amabisa likodzo. Mwana akayamba kukodza magazi, thamangirani naye kuchipatala, mankhwala ake alipo.