Sampu ikabooka: kukonza motchipa popanda kupha injini

Mvula ikangotha kuno ku Kasungu, misewu yathu yafumbi imatsala ndi ngalande ziwiri momwe munkadutsa matayala a malole ndi mathirakitala, ndipo pakati pamakhala mtumbira wouma gwa, wina wobisa mwala kapena chitsa. Ndi nyengo yomweyonso aliyense amakhala pa liwiro, wina ndi mabelo a fodya opita ku Chinkhoma, wina ndi matumba a soya ndi mtedza, galimoto itadzaza mpaka kumbuyo kukhala pansi. M'miyezi imeneyi, ife a m'magalaja timalandira galimoto zambiri zobwera pa chingwe, kunsi kuli noninoni ndi oyilo.

Ina yomwe sindiiwala ndi Sienta ya matola yomwe inkachokera cha ku Chamama. Dalaivala wake, mnyamata waulemu ndithu, anandifotokozera motere: "Bambo, ndinangomva kuti khu! pansi. Nditatsika ndinaona kuti ikungodontha pang'ono, ndiye ndinati ndifike kaye pa boma, anthu anali atalipira kale." Ndinamufunsa ngati nyali yofiira inayaka. Anayang'ana pansi. "Inayaka, bambo, koma panali patatsala pang'ono." Titamasula sampu, beseni la oyilo la kunsi kwa injini, bowo lake linali loti chala chaching'ono sichingalowe, ntchito ya masana amodzi. Koma m'kaoyilo komwe kanatsala pansi munkanyezimira tizitsulo tonga mchenga wa mkuwa. Mabeyaring'i anali atatha. Mnyamata uja anakhala milungu ingapo osagwira ntchito, mwini galimoto akusakasaka injini ina. Zinandipweteka, chifukwa chomwe chinapha injiniyo si mwala ayi, koma mtunda womwe inayenda mwala utachita kale zake.

Sampu ndi beseni lomwe lili kunsi kwenikweni kwa injini, momwe oyilo amakhala. Pa injini ya 1NZ-FE, yomwe ili mu Probox, mu Sienta zambiri ndi mu Corolla zina, mumalowa oyilo wokwana malita 3.7 mukasinthanso fyuluta. Pampu imamukoka kudzera m'kapaipi kokhala ndi sefa kumapeto, n'kumukankhira ku mabeyaring'i ndi kumutu kwa injini, kenako amatsetserekanso kubwerera m'beseni muja. Zitsulo za m'kati mwa injini sizikhudzana, zimayandama pa oyilo wopyapyala kuposa tsitsi. Nyali yofiira ya chithunzi cha kaketulo ija siikuuzani kuti oyilo wachepa, ikukuuzani kuti pampu yasiya kukankha ndipo zitsulo zayamba kudyana. Ikayaka, patukani ndi kuzimitsa pomwepo. Ndalama yolipira wokukokani ndi yochepa kwambiri pa ndalama zonse zomwe nkhani imeneyi ingakudyereni.

Musanagule chilichonse, tsimikizani kaye kuti chikudonthacho ndi sampu. Oyilo amatsika, ndiye chilichonse chodontha kumwamba chimakathera pa sampu, n'kuoneka ngati ndiye yolakwa. Fyuluta yosamangidwa bwino, gasiketi ya chivindikiro cha pamwamba, kaswitchi ka nyali ya oyilo, silo ya pakati pa injini ndi giyabokosi, zonsezi zanamizapo anthu. Tsukani kunsi konse ndi parafini, pukutani, lizani injini mphindi zochepa ngati oyilo alimo wokwanira, ndipo muunike ndi tochi pomwe dontho loyamba likutulukira. Kuyala katoni pansi usiku wonse kumathandizanso.

Mukapeza kuti ndi sampudi, tengani maginito, ngakhale a sipika yakutha. Akamata, sampu yanu ndi yachitsulo. Akakana, kawirikawiri imakhala ya aluminiyamu. Kusiyana kumeneku ndi komwe kumalamula zonse zotsatira. Chitsulo chikagundidwa chimapindikira m'kati, nthawi zina osabooka n'komwe. Aluminiyamu sapindika, amang'aluka kapena kubenthuka ngati mbale yadothi. Honda Fit ili ndi ya aluminiyamu. Injini ya 1NZ-FE ili ndi zigawo ziwiri, chapamwamba cha aluminiyamu ndi kabeseni kachitsulo kunsi, ndipo mwayi wake ndi wakuti mwala umakonda kupeza kachitsuloko, komwe n'kosavuta kumasula ndi kukonza.

Sampu yopindika koma yosadontha ndi yomwe ndimaiopa kwambiri, chifukwa mwini wake amasangalala kuti wapulumuka. Sefa ija imakhala mamilimita ochepa chabe kuchokera pansi pa beseni. Chitsulo chikakwera n'kukatseka pakamwa pake, pampu imayamwa movutikira, makamaka mukaponda moto. Nyali imatha kungophethira pa kona kapena pa chitunda, injini ikutha mwakachetechete. Ngati sampu yalowa m'kati moonekeratu, imasulidwe, iikidwe pa thabwa, iwongoledwe ndi hamala kudzera pa kamtengo, ndipo kapaipi ka sefa kaonedwe ngati sikanang'aluke.

Tsopano za bowo pa sampu yachitsulo. Njira yotchipa komanso yokhalitsa ndi kuwotcherera, koma sampu itachotsedwa pa galimoto. Pano ndiye pomwe ndimakangana ndi makasitomala. Wina amati, "Amisiri, ingogonani pansipo muwotcherere, kumasula kuchedwetsa." Ndimakana, ndipo mmisiri aliyense wokonda moyo wake ayenera kukana. M'kati mwa injini mumakhala nthunzi ya oyilo yosakanikirana ndi ya petulo, moto ukafikapo imatha kuphulika munthu ali chagada kunsi. Kupatula apo, oyilo wotsalira amatsikira pa bowo n'kuipitsa chowotchereracho, ndipo makala a oyilo wopserera m'kati amakathera mu sefa. Pa galimoto zambiri zing'onozing'ono kumasula kabeseni kachitsulo sikutenga ola. Pomwe anamata ndi silikoni musakanule ndi sikuludiraiva, mupinda mlomo wake ndipo sudzagwiranso bwino. Lowetsani mpeni wopyapyala pang'onopang'ono kuzungulira.

Ikachoka, yang'anani kaye zomwe zili pansi pake musanatsuke. Mukaona tizitsulo tonyezimira tija, imani, musawononge ndalama pa sampu injini isanaonedwe. Ngati muli bwino, itsukidwe ndi parafini, kenako ndi madzi otentha a sopo, iume. Pitani nayo kwa owotcherera ndi gasi, aja amakonza marediyeta ndi maekizozi, akamate ndi waya wa mkuwa. Makina a magetsi opangira mafelemu a zitseko ndi mawindo amaboola chitsulo chopyapyala chotere pokhapokha dzanja likhale lozolowera kwambiri. Ngati ndi mng'alu, aboole kabowo kakang'ono kumapeto ake onse awiri kuti usapitirire. Bowo lalikulu limafuna chigamba chachitsulo kunja kwake.

Musanaibwezeretse, iyeseni. Ife timapaka choko kunja pomwe awotcherera, n'kuthira parafini m'kati, n'kuisiya pa benchi ola limodzi kapena awiri. Parafini ndi wopyapyala kuposa oyilo, amadutsa pomwe diso silingaone. Choko chikada, ibwerere kwa wowotcherera. Chikakhala choyera mbee, ntchito yagwira.

Aluminiyamu ndi nkhani ina. Amafuna makina owotcherera a gasi wa argon ndi munthu wowadziwa, ndipo sampu yomwe yakhala zaka ikumwa oyilo imalavula zonyansa ikatenthedwa, chowotcherera n'kutuluka timabowo. Kutentha kumathanso kupotoza mlomo wake. Funsani mtengo wowotcherera, mufunsenso mtengo wa sampu yochotsa pa injini yophwasulidwa, kuno kapena ku Malangalanga ku Lilongwe. Nthawi zambiri mitengo iwiriyi imayandikana, ndipo zikatero ine ndimasankha yogula. Nyamulani yakaleyo pokagula kuti mukayerekeze mabowo a mabawuti, chifukwa injini za dzina limodzi zimatha kusiyana sampu kutengera galimoto yomwe zinachokera. Ikani lula yachitsulo pa mlomo wake muone ngati uli wowongoka, ndipo mulowetse bawuti yotulutsira oyilo ndi zala kuti mumve mazinga ake.

Nanga zomatira zija zosakaniza ziwiri, monga Pratley Steel, zomwe zimapezeka m'mahadiweya? Anthu ena amazinyoza, ena amazikhulupirira mopyola muyeso. Ine ndaona zikugwira miyezi yambiri pa mng'alu waung'ono wa pamalo osalala, ndipo ndaonanso zikugwa tsiku lomwelo. Chosiyanitsa si mankhwalawo koma kukonzekera. Guluu ameneyu sagwira pomwe pali oyilo, ngakhale wochepa ngati thukuta. Tulutsani oyilo yense, musiye galimoto usiku wonse itapendekera mbali yomwe ingachotse oyilo pa mng'aluwo. M'mawa palani ndi sandipepa wokhakhala mpaka chitsulo chiwale, mupitirire masentimita awiri kapena atatu mbali zonse. Pukutani ndi thina, dikirani, muonenso. Mukaona kamzere kakuda kakubwerera pa mng'alu, oyilo adakatulukabe, pukutaninso. Mungabwereze kasanu, musatope. Pokhapokha pakakhala pouma ndi pomwe mumasakaniza magawo ofanana n'kupaka, kukanikizira m'mng'alumo. Kenako maola 24 osathira oyilo, ngakhale paketi italemba kuti imauma m'mphindi zochepa, chifukwa kuuma pamwamba si kukhwima. Oyilo wa injini yoyenda amatentha kufika madigiri 100, ndipo guluu wosakhwima amafewa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi ndi momwemo ndithu. Muzimata kunja kokha. Womata m'kati akamatuka amakatseka sefa. Ndipo pomwe pabenthuka chidutswa, kapena mng'alu wafika pa bawuti yotulutsira oyilo kapena pa mlomo, musayese n'komwe.

Sopo wochapira amene madalaivala akale amamata pa thanki ya petulo yodontha amathandizadi pamenepo kwa kanthawi, koma pa sampu yotentha amangosungunuka.

Sampu zambiri zomwe ndimakonza sizinagundepo mwala. Zinawonongeka ndi sipanala. Bawuti yotulutsira oyilo imafuna mphamvu ya pakati pa 35 ndi 40 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti) pa galimoto zing'onozing'ono zambiri, koma achinyamata ena amalumikiza paipi ku sipanala n'kukoka ndi thupi lonse poopa kuti idontha. Pa aluminiyamu mazinga amatha msanga. Chomwe chimatseka oyilo si mphamvu koma kawasha kofewa kaja, ka aluminiyamu kapena ka mkuwa, komwe kamayenera kusinthidwa nthawi iliyonse yosintha oyilo, ndipo mtengo wake sufika wa botolo la zoziziritsa kukhosi. Mazinga akatha, sampu siitayidwa. Amatha kudula mazinga ena okulirapo, mwachitsanzo kuchoka pa bawuti ya mamilimita 12 (M12) ya Toyota kupita pa ya mamilimita 14 (M14), kapena kulowetsa kawaya ka mazinga atsopano kotchedwa Helicoil. Podula apake girisi pa chodulira kuti agwire tizitsulo, akatha atsukuluze ndi oyilo pang'ono. Kukulunga bawuti ndi tepi ya mapaipi a madzi kapena ulusi wa thumba kungakufikitseni kunyumba, koma bawuti yopanda mazinga imatha kugwa muli pa liwiro pa M1, oyilo yense n'kutha musanafike pa sitolo yotsatira.

Pobwezeretsa sampu ndi pomwe ntchito yabwino imaonongekera m'manja mwa anthu ofulumira. Silikoni yakale ichoke yonse mbali zonse ziwiri, papukutidwe ndi thina. Gulani silikoni ya injini, yakuda kapena yotuwa, yolembedwa kuti imapirira oyilo, osati ya m'bafa ija yonunkha viniga. Mzere umodzi wosadukiza, wonenepa mamilimita 2 kapena 3, wodutsa m'mbali mwa mabowo a mabawuti cha ku mbali ya m'kati, ndi wokwanira. Yochuluka imafinyikira m'kati, n'kuduka ngati nyongolotsi, n'kukaunjikana pa sefa. Ndachotsapo sefa yotsekeka theka ndi silikoni yokhayokha, injini yake ikugogoda, mwini wake akudabwa kuti oyilo anali wodzaza. Mukapaka, ikwezeni mphindi zochepa zisanathe, mabawuti onse alowe ndi zala kaye, kenako mumange mopingasa kuyambira pakati. Timabawuti ta sipanala ya nambala 10 timeneti timangofuna 9 Nm, dzanja limodzi logwira pafupi ndi mutu wa sipanala. Dikirani maola awiri osachepera musanathire oyilo ndi kuliza, koma usiku wonse ndi bwino koposa.

Oyilo akhale watsopano, fyulutanso yatsopano. Ndikudziwa kuti apa ndi pomwe thumba limalira, ndipo ambiri amapempha kuti tibwezeremo yemwe tinatulutsa. Ngati anatuluka kudzera pa bowo lomwe linakhudza dothi, kapena anagwera m'chigubu chodula chokhala ndi mchenga, ayi. Ndi bwino kuthira oyilo wotchipirapo wa giredi yoyenera kusiyana ndi wodula yemwe wadya fumbi. Wakaleyo musathire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, musunge m'chigubu chotseka.

Ngati mukuchita nokha pakhomo, chonde musalowe kunsi kwa galimoto yomwe yangokhala pa jeke. Njerwa nazo zimaphwanyika mosachenjeza. Pezani zitsulo zochirikizira kapena zipika zamtengo wolimba, kapena mupemphe dzenje pa galaja yapafupi.

Kwa inu amene mumayenda tsiku ndi tsiku njira za ku Wimbe, Santhe, Nkhamenya kapena yopita ku Lifupa, ganizirani zoika chitsulo chotchinga kunsi. Owotcherera athu amatha kudula lata lochindikala mamilimita atatu, n'kulimanga pa felemu ya galimoto, osati pa injini. Lisiye mpata wolowa chala pakati pake ndi sampu, likhale ndi bowo lotulutsira oyilo komanso timabowo totayira matope ndi kulowetsa mphepo. Onetsaninso mashoko ndi masipuling'i, chifukwa akatopa galimoto imatsika n'kumapala pomwe kale inkadutsa bwinobwino, ngakhale pa mahampu a m'tauni.

Galimoto ikatuluka m'galaja, lizani injini maso ali pa nyali yofiira, iyenera kuzima m'masekondi ochepa. Yendani mpaka itenthe, muime pamalo osalala, muzimitse, mudikire mphindi zisanu, muyeze oyilo ndi kupititsa chala chouma kuzungulira mlomo wa sampu ndi pomwe panamatidwa. Usiku umenewo yalaninso katoni pansi, ndipo sabata yonse yoyamba muziyeza oyilo m'mawa uliwonse musananyamule munthu kapena katundu.