Zojambula za John Pule si chiwondo, ndipo musazipinde

Anthu ambiri akangoona chithunzi cha wojambula John Pule amathamangira kunena kuti "iyi ndi nsalu ya makolo a kuzilumba." Mawuwa afika potopetsa, chifukwa amalakwira mwini wake komanso amawonongetsa katundu.

Pule anabadwa mu 1962 m'mudzi wa Liku pa chilumba cha Niue m'nyanja ya Pacific, ndipo anapita ku New Zealand mu 1964 akadali kamwana. Anakulira ku Auckland, sanapite kusukulu ya zojambulajambula, ndipo anayamba ndi ndakatulo. Atabwerera ku Niue mu 1991 m'pamene kajambulidwe kake kanasintha, n'kuyamba kutsamira pa hiapo, nsalu yosula kuchokera ku khungwa la mtengo, yofanana ndi chiwondo chathu. Koma hiapoyo sanaipeze kwawo. Anthu a ku Niue anali atasiya kuisula kalekale, ndipo zotsala zambiri zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale kumayiko akunja. Apa ndi pamene pamandiwawa: munthu kuyenda maulendo ataliatali kukaona kwa eni ntchito ya manja a agogo ake. Kufufuzako kunabala buku la hiapo limene analemba ndi Nicholas Thomas, katswiri wofufuza za chikhalidwe cha anthu, mu 2005.

Ndiye "mwambo weniweni" umene anthu amaufuna mwa iye ndi uti? Hiapo ya m'zaka za m'ma 1800 inali itasakanikirana kale ndi za amishonale. Pa ina pali zombo, anthu ovala zachizungu ndi mayina olembedwa. Pule anatengako kagawidwe ka malo m'timabokosi ndi mitundu ya dothi, n'kuikamo zake: mitanda, matchalitchi, nsomba za shaki, anthu osamuka atasenza katundu. Cha m'ma 2000 anasiya timabokosi n'kuyamba mitambo yofiira ndi yabuluu yokhala ndi ziyangoyango zolendewera. Amagwiritsa ntchito penti wamafuta pa kanivasi, nsalu yokhuthala yojambulapo, ndipo zambiri za m'ma 1990 sanazikoke pa fulemu.

Kusakokedwa pa fulemuko n'kumene kumapusitsa anthu. Akaona chinsalu cholendewera amachipinda ngati chitenje. Penti wamafuta akauma amakhala ngati chikhungwa. Popindapo amang'aluka, ndipo mzerewo sufufutika. Ngati mukusunga chithunzi chamtundu uwu, cha Pule kapena cha wojambula wina aliyense, chikulungeni pa paipi yaikulu, ya masentimita 15 kapena kuposa m'mimba mwake, penti ali kunja. Inde, kunja. Mukakulungira m'kati pentiyo amapanikizika n'kukwinyika, ndipo pofunyulula amasweka. Pakati ikanipo pepala lopanda asidi, osati nyuzipepala, chifukwa inki yake imamatirira. Musachiimike pakona, musachisanjikize.

Chinyezi cha mumpweya wa m'chipinda chosungiramo chikhale cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Chikakhalitsa pamwamba pa 65, nkhungu imayamba, kawirikawiri kumbuyo kwa kanivasi kumene simuyang'anako. Timadontho toyera kapena fungo la chinyontho si nkhani yodikira kuti dzinja lithe. Nkhungu imadya ulusi ndi guluu wa pansi pa penti, ndipo pakatha miyezi ingapo penti amayamba kuyoyoka wopanda pogwira.

Choopsa kuposa nkhungu ndi "akatswiri" a m'mbali mwa msewu. Wina akuuzani kuti apukute ndi mbatata, anyezi kapena buledi. Zonsezi zimasiya chakudya cha nkhungu yomweyo. Wina apaka mafuta ophikira kuti chiwale, kapena vanishi wa mipando amene amachita chikasu ndipo pomuchotsa amachoka ndi penti. Woipitsitsa ndi wokhoma mafulemu amene amamata kanivasi pa thabwa ndi guluu wa nsapato n'kudula m'mphepete kuti "pakhale bwino." M'mphepetemo ndi mbali ya chithunzi, ndipo zodulidwa sizibwerera. Wokonza weniweni amayamba wajambula chithunzicho ndi kamera kutsogolo ndi kumbuyo, amayesa mankhwala pa kachigawo kakang'ono, ndipo amakulemberani zimene adzachite asanachikhudze. Amene akulonjeza kuti mubwere mawa mudzatenge chitakhala ngati chatsopano, mulandeni chithunzi chanu pomwepo.