Mbiri ya ulendo wokaona akambuku ku Ranthambore

Munthu wofuna kukaona kambuku wamizeremizere m'nkhalango ya Ranthambore, m'chigawo cha Rajasthan ku India, salowa mmene wafunira. Amalembetsa dzina lake pasadakhale ku nthambi ya boma yoona za nkhalango, amakwera galimoto yovomerezeka, kaya yaing'ono ya anthu 6 yotchedwa Gypsy kapena lole yosatseka pamwamba ya anthu 20 yotchedwa Canter, ndipo m'galimotomo mumakhala wolondolera alendo amene ali ndi chilolezo. Nkhalangoyo inagawidwa m'zigawo 10, ndipo galimoto iliyonse imayenda m'chigawo chimodzi chokha chimene yapatsidwa, kwa maola atatu kapena kupitirira pang'ono, mmawa kapena masana. Kutsika m'galimoto paliponse n'koletsedwa, ndipo kuyambira Julaye mpaka Sepitembala, nyengo ya mvula, zigawo za mkatikati zimatsekedwa. Alendo ena amadandaula kuti malamulowa ngochuluka, koma lililonse mwa iwo linabadwa pa vuto lenileni, ndipo wodziwa mbiri ya malowa amamvetsa kuti kambuku amene akuyenda masana pamaso pa magalimoto sanayambe kutero mwangozi.

Ranthambore ili m'boma la Sawai Madhopur, pamene mapiri a Aravalli amakumana ndi mapiri a Vindhya, pakati pa mtsinje wa Banas ndi mtsinje wa Chambal. Dzina lake ndi la linga lakale lamiyala limene lili pamwamba pa phiri mkati mwa nkhalangoyo. Lingali linali la mafumu a fuko la Chauhan, mpaka pamene Alauddin Khalji wa ku Delhi analilanda mu 1301 atagonjetsa mfumu Hammir Dev, ndipo mu 1569 linagwa m'manja mwa mfumu Akbar ya ufumu wa Mughal. Pambuyo pake dera lonselo linakhala la mafumu a ku Jaipur, omwe analisandutsa malo awo osakirako nyama. Apa mpamene pagona chiyambi cha nkhani yonse: nkhalangoyi inapulumuka nkhwangwa chifukwa mafumu ankafuna kuti mukhale akambuku oti iwo ndi alendo awo aziwombera. Munthu wamba sankaloledwa kupha nyama mmenemo, koma ankagwiritsidwa ntchito yoimba ng'oma ndi kukuwa kuti chilombo chithawire kumene kwakhala wolemekezeka ndi mfuti yake pansanja.

Mwambo umenewu unapitirira ngakhale India atalandira ufulu wodzilamulira mu 1947, ndiponso ngakhale nkhalangoyo italengezedwa kukhala malo osungira nyama mu 1955. Mu Januwale 1961, Mfumukazi Elizabeth ya ku Britain ndi mwamuna wake Philip anabwera ku Ranthambore monga alendo a mfumu ya ku Jaipur, Sawai Man Singh II, ndipo Philip anawombera kambuku. Chithunzi cha alendowo ataima kumbuyo kwa chilombo chakufacho chinafalikira padziko lonse, ndipo anthu ambiri anachidzudzula, makamaka chifukwa chaka chomwecho Philip anakhala mtsogoleri wa nthambi ya ku Britain ya bungwe loteteza zachilengedwe la World Wildlife Fund. Nthawi zinali zitayamba kusintha, koma akambuku anali kutha mofulumira kuposa mmene maganizo a anthu ankasinthira. Zikopa zawo zinkagulitsidwa poyera m'masitolo a m'mizinda ikuluikulu, makampani ankabweretsa alenje olemera ochokera kunja, nkhalango zinkadulidwa kuti pakhale minda, ndipo alimi otaya ng'ombe ankathira poizoni panyama yakufa kuti chilombo chikabwerera chife.

Akatswiri ankayerekezera kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 India anali ndi akambuku pafupifupi 40,000. Kalembera woyamba wa dziko lonse, amene anachitika mu 1972, anapeza 1,827 okha. Nduna yaikulu ya nthawiyo, Indira Gandhi, inali itayamba kale kuchitapo kanthu: kusaka akambuku kunaletsedwa, lamulo loteteza nyama zakuthengo linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo pa 1 Epulo 1973 boma linayambitsa ntchito yotchedwa Project Tiger, motsogozedwa ndi Kailash Sankhala, yemwenso anali wa ku Rajasthan. Nkhalango 9 zinasankhidwa poyamba, zina mwa izo Corbett, Kanha, Bandipur, Manas ndi Sundarbans, ndipo Ranthambore inali m'gulu lomwelo ngakhale inali yaing'ono ndi youma kwambiri. Mfundo ya ntchitoyi inali yakuti nkhalango iliyonse ikhale ndi chigawo cha mkati chopanda midzi, ziweto kapena kudula mitengo, ndipo kunja kwake kukhale dera limene anthu angapezemo zina zofunika pamoyo wawo.

Kulemba mfundo imeneyi papepala kunali kosavuta, koma mkati mwa Ranthambore munali midzi ya anthu ndi ziweto zikwizikwi. Amene anasenza ntchito yosamutsa anthuwo anali Fateh Singh Rathore, mkulu woyang'anira nkhalangoyi, ndipo dzina lake limamveka paliponse pamene anthu akukamba za malowa. M'zaka za m'ma 1970 midzi yoposa 10 inachotsedwa, anthu ake n'kupatsidwa malo kunja, ndipo umodzi wa midzi yatsopanoyo unatchedwa Kailashpuri pokumbukira Sankhala. Mabanja anasiya zitsime, akachisi ndi malo odyetsera ziweto amene makolo awo anawadziwa, ndipo midzi yozungulira nkhalango, imene sinasamutsidwe, inangodzuka tsiku lina n'kupeza kuti udzu ndi nkhuni zimene inkadalira zaletsedwa. Mkwiyo umene unabuka sunali wachabe. Mu 1981, chaka chimodzi chokha malowa atakwezedwa kukhala paki ya dziko lonse, gulu la oweta ziweto linamenya Rathore mpaka kutsala pang'ono kufa, ndipo anagona m'chipatala nthawi yaitali, koma atachira anabwerera kuntchito yake. Sindikuona chifukwa chobisira mbali imeneyi pofuna kulemekeza munthu amene anagwira ntchito yaikulu chonchi, pakuti iye mwini m'zaka zake zotsiriza, kufikira imfa yake mu 2011, analimbikira kuthandiza anthu a m'midzi yomweyo.

Midzi itachoka, minda yakale inamera udzu, agwape a mtundu wa sambar ndi chital anachuluka m'mbali mwa nyanja zing'onozing'ono za Padam Talao, Rajbagh ndi Malik Talao, ndipo panachitika chinthu chimene ambiri sankayembekezera. Akambuku, amene kwa mibadwo ankayenda usiku wokha poopa mfuti, anayamba kuoneka masana. Kambuku wamkazi amene Rathore anamutcha Padmini ndiye anayamba kulola kuti galimoto imuyandikire pamodzi ndi ana ake, ndipo ana oleredwa akuona galimoto sankaithawanso atakula. Popeza nkhalango ya Ranthambore ndi ya mitengo yaifupi ya dhok imene imayoyola masamba m'chilimwe, maso amafika patali, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ojambula zithunzi, pamodzi ndi wolemba za akambuku Valmik Thapar, anaona zinthu zimene sizinkaoneka kwina: kambuku akuthamangira m'madzi kukagwira gwape, kapena atagona pakhonde la nyumba yakale yachifumu. Zithunzi zimenezo ndizo zinabala ulendo wa masiku ano. Mahotela anamangidwa m'mbali mwa msewu wochokera ku Sawai Madhopur, tauni imene ili pa njanji ya pakati pa Delhi ndi Mumbai, ndipo pofika mu Malichi 2000 ngakhale pulezidenti wa America, Bill Clinton, anabwera kudzakwera galimoto yokaona akambuku.

Tsoka lake, kambuku wosaopa munthu ndi wosavutanso kupha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunadziwika kuti opha nyama mozemba malamulo alowa mu Ranthambore, ndipo ulendo uno chimene ankafuna kwambiri sichinali chikopa chokha komanso mafupa, amene ankazembetsedwa kupita ku misika ya mankhwala achikuda kum'mawa kwa Asia. Vuto lina linali kawerengedwe. Ogwira ntchito m'nkhalango ankawerenga akambuku poyeza zidindo za mapazi awo padothi, njira imene inkapatsa mpata wowerenga chilombo chimodzi kangapo, ndipo panalibe mkulu wofuna kulembera akuluakulu ake kuti nyama zachepa m'manja mwake. Bodzalo linaululika kumayambiriro kwa 2005, pamene kunapezeka kuti ku Sariska, nkhalango ina ya ku Rajasthan komweko, kunalibe kambuku ndi mmodzi yemwe, pomwe mabuku a boma ankasonyeza kuti alipo. Nduna yaikulu Manmohan Singh inakhazikitsa komiti yofufuza motsogozedwa ndi Sunita Narain, mu 2006 panabadwa bungwe la boma loteteza akambuku la National Tiger Conservation Authority, ndipo kawerengedwe kanasintha: tsopano amatchera makamera m'njira za nyama, chifukwa mizere ya kambuku aliyense ndi yosiyana ndi ya mnzake. Kalembera woyamba wa njira yatsopanoyi anapeza 1,411 m'dziko lonse, chiwerengero chotsika kuposa cha 1972.

Pa nthawi yovutayi Ranthambore inakhala nkhokwe ya mbewu. Mu Juni 2008 kambuku wamwamuna ananyamulidwa pa helikopita kuchoka kumeneku kupita ku Sariska, ena n'kutsatira pambuyo, ndipo awiri mwa aakazi amene anapita anali ana a Machli, kambuku wamkazi wodziwika kuposa onse. Machli analamulira dera la m'mbali mwa nyanja pansi pa linga kwa zaka zambiri, anajambulidwa akulimbana ndi ng'ona yaikulu mpaka kuipha, analera ana ambiri, ndipo atafa pa 18 Ogasiti 2016, ali ndi zaka pafupifupi 20, ogwira ntchito m'nkhalango anatentha mtembo wake mwaulemu. Olondolera alendo ambiri amatha kufotokoza mtundu wa kambuku aliyense, mayi wake, agogo ake ndi dera lake, ndipo nzeru imeneyi si ya m'kalasi ayi. Amaiphunzira poyenda tsiku ndi tsiku, pozimitsa injini kuti amve kulira kwa gwape kapena kwa anyani a langur kochenjeza kuti chilombo chili pafupi, ndi poyang'ana ngati chidindo cha phazi chili pamwamba pa mzere wa tayala la galimoto imene yadutsa kumene.

Funso limene silinathe ndi lakuti, kodi alendo amateteza kambuku kapena amamusautsa? Mu 2012 nkhaniyi inafika ku bwalo lalikulu la milandu la India kudzera m'dandaulo la womenyera zachilengedwe Ajay Dubey, ndipo pa 24 Julaye bwalolo linaletsa alendo kulowa m'zigawo za mkati za nkhalango zonse za akambuku. Ogwirizana ndi chiletsocho ankati n'kupanda chilungamo kuthamangitsa osauka m'nkhalango kenaka n'kulowetsamo olemera, ndipo ankaloza magalimoto amene amaunjikana mozinga chilombo chimodzi komanso mahotela otseka njira zimene nyama zimadutsa. Otsutsa ankati maso a alendo ndi a olondolera awo ndiwo amazindikira msanga kambuku akasowa, ndiponso kuti mabanja ambiri amadya chifukwa cha ulendowu. Chiletsocho chinachotsedwa pa 16 Okutobala chaka chomwecho, boma litatulutsa malangizo akuti alendo aziloledwa m'gawo losapitirira 20 peresenti ya chigawo cha mkati. Ine ndimaona kuti mbali zonse zinali ndi choonadi, koma mfundo ya chilungamo kwa anthu osamutsidwa ndi imene sinayankhidwe mokwanira, chifukwa phindu lalikulu limathera kwa eni mahotela, pomwe mlimi wa m'malire mwa nkhalango ndiye amataya mbuzi ndi mbewu. Pali zoyesayesa zabwino, monga za bungwe la Tiger Watch, limene Rathore ankagwira nalo ntchito, lophunzitsa ana a fuko la Mogya, anthu amene umphawi unkawakankhira ku ulenje, komanso lolemba ntchito abusa a ziweto kuti aziyang'anira kayendedwe ka akambuku kunja kwa paki.

Kuyandikana kwa anthu ndi zilombo kuli ndi mtengo winanso. Mu linga lija, limene UNESCO inaliika pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2013, muli kachisi wa Ganesh, mulungu wa Ahindu, amene opembedza amapitako, ambiri wapansi, kudutsa msewu umene akambuku amayendamo. Mu Meyi 2015 kambuku wamwamuna wotchedwa Ustad, kapena T-24 pa nambala yake ya m'kaundula, anapha mlonda wa nkhalango pafupi ndi msewu umenewu, ndipo anasamutsidwa kukatsekeredwa ku Udaipur. Alendo ambiri amene ankamukonda anachita zionetsero ndipo ena anapita kukhoti kuti abwezedwe, pomwe alonda oyenda pansi m'nkhalangomo ndi ndodo yokha ankati sangagwire ntchito iye ali momwemo. Makhoti sanasinthe chigamulo cha akuluakulu a nkhalango, ndipo Ustad sanabwererenso.

Kalembera wa 2022 anasonyeza kuti India ali ndi akambuku pafupifupi 3,682, kuchoka pa 2,967 mu 2018, ndipo nkhalango zotetezedwa za akambuku zapitirira 50. Ku Ranthambore vuto latembenuka: akambuku achuluka kuposa malo, aang'ono amathamangitsidwa ndi akuluakulu n'kutulukira kuminda, ndipo ena akusamutsidwira ku nkhalango za Mukundra Hills ndi Ramgarh Vishdhari, zimene boma la Rajasthan linakhazikitsa kuti zilandire otsalawo. Mu 2025 mwana wina ndi mkulu wina wa alonda anaphedwa ndi kambuku m'dera la pafupi ndi linga, msewu wopita kukachisi unatsekedwa kwa kanthawi, ndipo akambuku aang'ono atatu a m'deralo anachotsedwa n'kutumizidwa ku nkhalango zina.