Musanawerenge nsanjika, funsani zomwe zakwiririka pansi

Kampani yaikulu ikasamuka pa likulu lake kapena ikatseka fakitale, mpanda umakhala chitsekere zaka zingapo, kenako tsiku lina pachipata pamatulukira chikwangwani. Pachithunzipo pali nyumba zosanjikizana zonyezimira magalasi, pansi masitolo, pakati maofesi, pamwamba pogona anthu, ana akuthamangitsana pa kapinga. Zikatero anthu amandifunsa funso limodzimodzi: “A injiniya, zikhala nsanjika zingati?” Wina amawonjezera: “Malowo ngokonzeka kale, msewu ulipo, magetsi alipo, nanga akuchedweranji?”

Mawu akuti ngokonzeka kalewa anditopetsa. Ntchito yanga ndi yoyeza nthaka ndi madzi a pansi pa malo otere, ndipo sindinapondepo malo amene kampani inagwirirapo ntchito zaka 40 kapena 50 n’kuwapeza ali okonzeka. Kugwetsa makoma n’kwa miyezi yochepa. Chimene chimadya nthawi ndi ndalama n’chimene kampaniyo inasiya m’dothi.

Ndikudziwa chomwe muyankhe. Mukuti apa sipanali fakitale, panali maofesi okhaokha, anthu ovala mataye. Chabwino. Maofesiwo anali ndi jenereta, ndipo jeneretayo inkamwa mafuta ochokera m’thanki yokwiriridwa pansi, thanki yachitsulo imene inachita dzimbiri n’kumadontha mwakachetechete kwa zaka. Anali ndi thiransifoma, ndipo mathiransifoma akale ambiri ankakhala ndi mafuta a PCB, mankhwala apoizoni amene dziko la America linaletsa kupanga mu 1979 ndipo pangano la Stockholm la 2001 linawaika m’gulu la mankhwala oyenera kuthetsedwa padziko lonse. Anali ndi galaja yokonzera magalimoto a kampani, mwina chipinda chosindikizira mapepala, mwina labotale. Kudenga ndi m’mapaipi a madzi otentha munali asibesitosi (ulusi wosapsa ndi moto, wotchinga kutentha), amene ku Britain anadzaletsedwa kotheratu mu 1999. Munthu amene wapuma fumbi lake lero angathe kudzadwala khansa ya m’chifuwa patapita zaka 20, 30, ngakhale 40, kontrakitala amene anamutuma kugumula denga lija ataiwalika kalekale.

Amene amandisowetsa tulo kwambiri ndi mankhwala otsukira girisi pa zitsulo, makamaka a TCE. Ngolemera kuposa madzi, choncho akatayikira pansi sayandama ngati dizilo. Amamira, n’kukakhala pamwamba pa dongo kapena thanthwe, n’kumasungunuka pang’onopang’ono m’madzi a pansi pa nthaka, madziwo n’kumawanyamula kupita nawo kuseri kwa mpanda. Amatulutsanso nthunzi imene imakwera m’dothi kufunafuna mng’alu. Bungwe la IARC, loona za kafukufuku wa khansa pansi pa WHO, linatsimikiza kuti mankhwalawa amayambitsa khansa mwa anthu, makamaka ya impso. Tsono nyumba yaitali, makamaka nyengo yozizira pamene mkati mwatenthetsedwa, imachita ngati chumuni. Mpweya wofunda umakwera, ndipo pansi pamakhala ngati pakuyamwa. Nyumbayo imadzikokera yokha nthunzi ija kudzera m’ming’alu ya konkire, m’dzenje la chikepe ndi momwe mapaipi alowera.

Apa mpamene anthu ambiri, ngakhale ophunzira, amasochera. Amati: “Koma anthu anagwira ntchito pamenepa zaka zonsezi osadwala.” Wantchito wamkulu amene amakhala pa malo maola 8 ataponda phula si chimodzimodzi ndi mwana amene amakwawa pansi, kuika dothi m’kamwa, n’kugona pomwepo usiku wonse chaka ndi chaka. Mukasintha ntchito ya malo, muyezo wa ukhondo wa nthaka umasinthanso. Dothi lomwe linali lovomerezeka pansi pa malo oimikapo magalimoto silingavomerezeke pansi pa sukulu ya mkaka. Ubwino wa dera losakaniza malonda, maofesi ndi nyumba zogona ngwakuti limabweretsa mabanja pakati pa mzinda, ndipo ine ndimaukonda ubwino umenewu. Koma ndi womwewo umene umakweza muyezo.

Kuwonjezera apo pali maziko. Nyumba ya nsanjika 40 siikhala pa maziko osaya. Pamafunika mizati yokhomedwa kapena kubooledwa mpaka pansi kwambiri, ndipo mzati uliwonse umaboola dongo lomwe mwina ndi limene linkatchinga poizoni kuti asafike ku madzi abwino a pansi. Mukakhoma mizati musanadziwe komwe kuli uve, mwautsegulira njira zambirimbiri.

Pali malo ena amene mpaka lero ndimawaganizirabe. Kampani ina yomanga, sindiitchula, inandiitana ntchito itayamba kale, atakumba dzenje la zipinda za pansi. Anyamata oyendetsa makina ankadandaula mutu ndi chizungulire. Ndinapempha lipoti la kuyeza nthaka. Anandipatsa buku lokongola, lachikuto cholimba, lokhala ndi chidindo ndi siginecha. Nditatsegula mapu ndinapeza kuti anaboola maenje anayi okha, limodzi pa ngodya iliyonse ya malo aakulu chonchija, pafupi ndi msewu, pomwe galimoto yoboolera inkatha kuima mosavuta. Palibe dzenje ngakhale limodzi pafupi ndi pomwe panali wekishopu. Anayeza mtovu ndi zitsulo zina, koma mankhwala otsukira aja sanawayeze n’komwe. Pomaliza analemba kuti malowo ngoyenera kumangapo nyumba zogona.

Pachipata panali mlonda wachikulire amene anagwirapo ntchito kuyambira nthawi ya kampani yakale ija. Ndinamufunsa: “Bambo, zotsala potsuka zitsulo munkazitaya kuti?” Anandiyang’ana kanthawi, n’kuti, “Mwana wanga, ndinu woyamba kundifunsa. Tiyeni.” Ananditengera kuseri, pomwe udzu unali wofiirira pamene kwina konse unali wobiriwira, n’kugogoda pansi ndi chidendene. “Apa panali ngalande. Madzulo aliwonse timakhuthulira momwemu.” Titaboola pamenepo, dothi linatuluka lakuda, lonona, fungo lake lotsekemera ngati la guluu, moti mnzanga wogwira makina anabwerera m’mbuyo atagwira mphuno. Pa pulani ya omanga, malo amenewo ndi pomwe panayenera kukhala bwalo losewerera ana.

Ntchito inaima miyezi yambiri, banki inayamba kufunsa mafunso, ndipo ine ndi amene ndinasanduka mdani. Zimenezo sizindipweteka. Chimene chimandipweteka n’chakuti anyamata aja anapuma nthunziyo masabata angapo opanda chotchinga kumphuno, ndiponso kuti munthu amene anasaina lipoti lija sanalangidwe. Ndikhulupirira akusainabe ena.

Akadaulo a m’chikwama otere ngochuluka, ndipo amapeza ntchito chifukwa ngotchipa komanso sachedwetsa. Alibe makina, alibe labotale, ali ndi kompyuta ndi lipoti lakale lomwe amangosinthamo dzina la malo. Ena amagulitsa mankhwala amene amati mukawaza kamodzi poizoni yense watha. Njira zothira mankhwala kapena kugwiritsa ntchito tizilombo todya mafuta m’nthaka zilipodi ndipo zimagwira, koma zimafuna kudziwa mtundu wa uve, kuya kwake ndi komwe madzi akulowera, kenako kuyeza mobwerezabwereza kwa miyezi kapena zaka. Munthu akakuuzani kuti ayeretsa malo onse pa sabata ziwiri asanaboole dzenje n’limodzi lomwe, mutsekereni chitseko. Akakuuzani kuti tingothira dothi latsopano pamwamba, mufunseni kuti nthunzi aitchinga ndi chiyani.

Musaganize kuti izi zimachitika kokha kumene malamulo ali ofooka. Ku Niagara Falls, m’dziko la America, kampani ya Hooker Chemical inakwirira matani pafupifupi 21,000 a zinyalala za mankhwala pa malo otchedwa Love Canal, n’kugulitsa malowo ku bungwe loyendetsa sukulu mu 1953 pa mtengo wa dola imodzi. Panamangidwa sukulu, nyumba zinazungulira. Pofika 1978 mankhwala anali akutulukira m’zipinda za pansi ndi m’mabwalo, mabanja anasamutsidwa, ndipo mu 1980 dzikolo linakhazikitsa lamulo la Superfund loyeretsera malo otere.

Nkhani ya ku Corby, ku England, ndi imene ndimauza injiniya aliyense wachinyamata amene wabwera kudzaphunzira kwa ine, chifukwa kumeneko anthu sanavulale ndi kusayeretsa. Anavulala ndi kuyeretsa kosasamala. Fakitale yaikulu ya zitsulo itatsekedwa mu 1980, khonsolo inayamba kukonza malowo kuti pabwere ntchito zatsopano. Cholinga chinali chabwino. Koma malole ankanyamula dothi ndi matope apoizoni osafunditsa, kudutsa m’misewu ya anthu, matope n’kumagwera pamsewu, kuuma, kusanduka fumbi. Amayi oyembekezera ankapuma fumbilo. Ana angapo anabadwa ndi manja kapena mapazi opunduka, ena opanda zala. Mu July 2009 khoti lalikulu ku London linagamula kuti khonsoloyo inachita mosasamala, ndipo chaka chotsatira inagwirizana ndi mabanjawo za chipukuta misozi. Ana ena anali atakula kale pofika nthawiyo. Lona lofunditsira lole, madzi otsukira matayala pachipata, kuthirira fumbi: zinthu zazing’ono chonchi n’zimene zinasowa. Mukaona lole ikutuluka pa malo otere dothi lili poyera, jambulani nambala yake, kadandauleni kwa oyang’anira zachilengedwe tsiku lomwelo. Musadikire msonkhano wa mwezi wamawa.

Tsono za kuchedwa. Pali kuchedwa kwabwino, kwa munthu amene akuyeza, ndi kuchedwa koipa, kwa munthu amene anathamanga n’kukakamira panjira. Malo a Renault ku Boulogne-Billancourt, pafupi ndi Paris, anasiya kupanga magalimoto mu 1992, koma nyumba ya zoimbaimba ya La Seine Musicale pa chilumba cha Seguin, pomwe panali fakitaleyo, inadzatsegulidwa mu 2017. Ku Tokyo, dera la nyumba zazitali la Roppongi Hills linatenga zaka 17 lisanatsegulidwe mu 2003, zambiri mwa zakazo kukambirana ndi eni malo mazanamazana. Amene akulonjeza dera lathunthu pa zaka 3 mwina sakudziwa ntchitoyi, mwina akufuna dipoziti yanu.

Kuchedwa koipa ndi kwa Battersea Power Station ku London. Inasiya kupanga magetsi mu 1983. Amene anaigula poyamba anafuna kuisandutsa malo a zisangalalo, anasasula denga kuti atulutse makina, ndalama n’kuwathera chakumapeto kwa zaka za m’ma 1980. Nyumbayo inakhala pamvula zaka zoposa 20, zitsulo zikudyeka. Makampani a ku Malaysia anaigula mu 2012, machumuni ake anayi anachita kugwetsedwa n’kumangidwanso, ndipo inatsegulidwa mu October 2022. Ndalama zikapanikiza, chimene chimayamba kudulidwa n’chodziwikiratu. Mu 2017 chiwerengero cha nyumba zotsika mtengo zomwe zinalonjezedwa pamalopo chinatsitsidwa kuchoka pa 636 kufika pa 386. Malo anga aja nawonso, ndalama zoyeretsera zitatuluka mwadzidzidzi, choyamba kufufutidwa pa pulani chinali chipatala chaching’ono chimene anthu a m’deralo analonjezedwa. Uve ukapezeka poyamba, mtengo wake umachotsedwa pa mtengo wogulira malo. Ukapezeka mochedwa, amalipira ndi anthu amene analonjezedwa zinthu.

Za mayendedwe sindinena zambiri, walira mvula walira matope. Likulu la kampani linkalandira anthu m’mawa n’kuwatulutsa madzulo, pamene dera la nyumba zazitali limafuna madzi, suweji, magetsi ndi njira usana ndi usiku. Dera la maofesi la Canary Wharf ku London linamanga nsanja yake yaikulu mu 1991 sitima zokwanira zisanafike, kampani yomanga deralo ya Olympia & York inagwa mu 1992, ndipo sitima ya pansi ya Jubilee inadzafikako mu 1999. Paipi ya suweji imene inkakwanira maofesi siingasenze mabanja masauzande.

Ngati mukufuna kugula kapena kuchita lendi pa malo otere, kapena mumakhala kuseri kwa mpanda wake, pemphani lipoti la nthaka, ndipo musakhutire ndi tsamba loyamba. Tsegulani mapu a maenje. Muone ngati anaboola pomwe panali matanki, wekishopu, thiransifoma ndi ngalande, kapena anangozungulira m’mphepete. Muone ngati anayeza madzi a pansi ndi mpweya wa m’dothi, osati dothi lokha, ndiponso ngati madziwo anawayeza kangapo, nyengo ya mvula ndi ya chilimwe. Funsani dzina la labotale ndi umboni woti njovomerezeka. Funsani amene anasaina, bungwe la akatswiri lomwe analembetsako, ndi inshuwalansi yake. Ngati ntchito yoyeretsa akuti inatha, pali lipoti lachiwiri lotsimikizira, loyezedwa pambuyo pake, ndipo ngati pansi pa nyumba anaikapo chinsalu chotchinga nthunzi kapena mapaipi oitulutsira kunja, payenera kulembedwa amene adzazisamalire zaka 20 zikubwerazi. Akakuuzani kuti zimenezo n’zachinsinsi cha kampani, pitani ku ofesi yopereka chilolezo chomangira, chifukwa m’maiko ambiri malipotiwa amaperekedwa kumeneko pamodzi ndi mapulani. Chitani izi musanasaine, chifukwa dipoziti ikalowa mphamvu yanu yofunsa imachepa.

Inu omanga, musanalipire munthu wojambula chikwangwani chija, fufuzani mapulani akale a malowo ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera m’mwamba zaka zam’mbuyo. Kenako funani anthu amene anagwirapo ntchito, osesa, amakanika, alonda, mukhale nawo pansi. Ambiri a iwo ngokalamba, ndipo chaka chilichonse chimene mukuzengereza amene akudziwa pomwe panali ngalande akucheperachepera.